Basera wa ku Wodi ya Ana

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, mayi wa pabenchi, wogulitsa tomato, anyezi ndi kabichi. Chichewa changa ndi cha kumsika, ndiye mundipirire, koma nkhani imene ndabwera nayo ikukhudza aliyense amene anagonapo pansi pa bedi la mwana m'chipatala, kapena amene adzagonepo mawa.

Nonse mumamudziwa basera. Mukagula mulu wa tomato n'kumwetulira bwino, ine ndimakuponyerani mmodzi wapamwamba kuti mudzabwerenso. Ameneyo ndi basera wabwino. Koma kuli basera wina amene ana ambiri amatenga akagonekedwa m'chipatala. Palibe amamupempha, palibe amamuona, ndipo salembedwa m'buku la kuchipatala. Mwana amatulutsidwa atachira, akuseka, akudya phala, koma m'matumbo mwake mwakhazikika tizilombo tosamva mankhwala. Timapita naye kunyumba tili phee.

Ndiyambe ndi zimene tinaphunzira ku sekondale, paja ena Biology munkaithawa. M'matumbo mwa munthu aliyense, ngakhale wathanzi bwanji, mumakhala mabakiteriya ambirimbiri osawerengeka. Ambiri ndi abwino, amatithandiza kugaya chakudya komanso kutchinga oipa kuti asapeze malo. Ena mwa iwo, monga E. coli ndi Klebsiella, akakhala m'matumbo savuta. Vuto limabwera akasochera n'kukalowa kumene sayenera: m'njira ya mkodzo, m'mapapo, pabala, kapena m'magazi. Akafika m'magazi a khanda, nkhani imakhala ya maola, osati masiku.

Tsono ena mwa mabakiteriyawa anaphunzira kudziteteza. Amatulutsa kanthu kena konga lumo kamene kamaduladula mankhwala asanagwire ntchito. Achipatala amati ESBL. Bakiteriya wokhala ndi lumo limeneli samva amoxicillin, samvanso ceftriaxone, jakisoni uja amabaya kudzera pakanula kamodzi patsiku m'zipatala zathu zambiri. Choopsa china n'chakuti nzeru imeneyi amagawana. Bakiteriya mmodzi amatha kupatsira mnzake, ngakhale wa mtundu wina, monga momwe ife timatumizirana mitengo ya ku Lizulu pa WhatsApp. Mmodzi akadziwa, msika wonse wadziwa.

Mwina mukufunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani wodi ya ana ndi kumene basera ameneyu amachulukira. Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo zonse munthu wa kumsika angazimve msanga.

Choyamba ndi mankhwala enieniwo. Mwana wodwala chibayo amafunikadi maantibayotiki, palibe kutsutsa. Koma mankhwala akalowa m'thupi sasankha. Amapha tizilombo tachibayo, amaphanso mabakiteriya abwino a m'matumbo. Otsala ndi aja osamva. Munaonapo tsiku limene athamangitsa mavenda mumsewu? Amantha onse amathawa, malo n'kukhala mbee, ndiye aliuma awiri atatu otsalawo amayala katundu wawo msewu wonse. M'matumbo mwa mwana zimachitikanso choncho. Osamva aja amapeza malo ndi chakudya, n'kuswana mwaufulu.

Chachiwiri ndi kuthithikana. Tizilomboti timatuluka ndi chimbudzi, timalowa kudzera pakamwa. Njira yake ndi imeneyo basi. Ndiye taganizani wodi imene ana awiri kapena atatu agona bedi limodzi, amayi akusintha matewera pomwepo, beseni limodzi likuyenda mabedi asanu, pampope madzi asiya, sopo watha. Dzanja lagwira thewera, lagwira chitsulo cha bedi, lagwira supuni, lagwira bere. Palibe amene wachita zoipa dala, koma tizilombo tadutsa.

Si maganizo anga okha awa. Akatswiri anayeza chimbudzi cha ana polowa ndi potuluka m'chipatala m'mayiko angapo osauka ngati lathuli. Ku Antananarivo, likulu la Madagascar, anapeza kuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi 21 ankalowa m'chipatala ali kale ndi tizilombo ta ESBL m'matumbo, koma potuluka anali atafika 57. Ku Maradi, m'dziko la Niger, pamalo othandizira ana onyentchera, mwana mmodzi mwa atatu ankabwera nato, ndipo mwa amene anabwera alibe n'kuyezedwanso potuluka, pafupifupi onse anali atatenga. Malipoti ake anatuluka mu 2010 ndi 2011, kalekale ndithu.

Kwathu kuno nako ziliko. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth pamodzi ndi bungwe lofufuza la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira 1998, ndipo n'chifukwa chake tili ndi manambala athuathu. Mu 2003, mwa Klebsiella 100 wopezeka m'magazi a odwala, pafupifupi 12 ndiye anali a ESBL. Pofika 2016 anali atakwana 90. E. coli anachoka pa osakwana mmodzi kufika pa 30. Ine ndikaona mtengo wa dengu la tomato ukukwera motero m'zaka 13, ndimadziwa kuti kumunda kwachitika chinachake chachikulu.

Ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga zinthuzi chifukwa cha mwana wa mng'ono wanga. Anali ndi miyezi isanu ndi inayi pamene anagonekedwa ndi chibayo pachipatala china, dzina lake tilisiye. Mayi ake anali ndi pakati pena potopa, ndiye ugadiyani unagwera ine, amayi ake aakulu. Benchi ndinasiyira mnzanga. Tinakhala masiku asanu ndi limodzi, jakisoni tsiku ndi tsiku, mwana n'kuchira bwinobwino. Tinatuluka tikuthokoza Mulungu.

Patangotha milungu itatu thupi linatenthanso. Malungo anayeza, mulibe. Mwana akulira pokodza, kuyamwa wasiya, maso alowa. Tinabwereranso, anamugoneka, n'kuyamba jakisoni yemwe uja anamuchiritsa poyamba. Tsiku loyamba, palibe kusintha. Lachiwiri, chimodzimodzi. Abale, palibe usiku wautali ngati umene ukuyang'ana dripu ikudontha koma mwana akungofookerabe. Anatenga magazi ndi mkodzo kupita nazo ku labu, ndipo zotsatira zinatenga masiku, chifukwa tizilombo amayenera kutimeretsa kaye kuti aone mankhwala amene tikumva.

Adokotala atabwera ndi pepala anati, “Mayi, kachilombo kamene kali mumkodzo mwa mwanayu sikakumva jakisoni amene timam'patsa. Tisintha mankhwala.”

Ine ndinafunsa, “Adokotala, kachokera kuti? Kunyumbatu timam'samala.”

Anandiyankha modekha kuti kawirikawiri kachilombo kotere kamachokera m'matumbo mwa mwana yemweyo, kuti kakhoza kukhala kanalowa ulendo woyamba uja kapena kunyumba komwe, ndipo palibe angaloze chala motsimikiza. Mankhwala ena aja anapezeka, mwana anachira, lero akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Koma pabedi loyandikana nafe panali mayi wina wochokera kutali amene anatuluka ndi chitenje chopanda mwana kumsana. Chimene chinatenga mwana wake sindinafunse, si zofunsa. Ndimangokumbukira kuti tinkabwerekana beseni.

Mankhwala otsala amene amagwirabe tizilombo totere, monga meropenem ndi amikacin, ndi odula kapena ofuna kusamala kwambiri powapereka, ndipo sapezeka pachipatala chilichonse. Ma labu omeretsa tizilombo nawonso ndi owerengeka. Ndiye mwana wa kumudzi, kutali ndi chipatala chachikulu, akagwidwa ndi kachilombo kosamva, mwayi wake ndi wochepa kuposa wa mwana wa m'tauni. Kafukufuku wamkulu wa dziko lonse anawerengera kuti mu 2019 anthu oposa 1.2 miliyoni anafa chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala, ndipo mmodzi mwa asanu alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara ndi kumene imfazi zinachuluka kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu.

Tsopano ndibwere kumsika kwathu, chifukwa kuloza chipatala chokha kungakhale kunama. Pafupi ndi mabenchi a ndiwo, m'misika yambiri ya dziko lino, simulephera kupeza tebulo la mabatire, malezala, Panado, ndipo pansi pake kabotolo ka makapisozi. Bactrim, amoxicillin, Flagyl, doxycycline, zonse zilipo, zowerenga m'manja ngati maswiti. Ndimamva ndi makutu angawa mayi akuti, “Achimwene, mundipatseko awiri ofiira ndi achikasu aja, mwana akutsegula m'mimba.” Awiri! Amakatsegula kapisozi, ufa wake n'kusungunula pasupuni.

Mayi ameneyu sindimuweruza. Chipatala chili kutali, thiransipoti yakwera, pamzere ukakhala tsiku lonse bizinesi yaima, ndipo nthawi zina ukafika amakuuza kuti mankhwala atha, kagule. Wogulitsayonso ndi mnzathu, akusaka ya ufa ngati ine. Koma chilungamo chake n'chakuti makapisozi awiriwo nthawi zambiri sachiza kanthu. Kutsegula m'mimba kwa madzimadzi kwa ana kawirikawiri kumayamba ndi mavairasi, monga rotavirus amene katemera wake anayamba kuperekedwa kuno mu 2012, ndipo vairasi samva antibayotiki ngakhale pang'ono. Chimfine chimodzimodzi. Chimene mwana wotsegula m'mimba amafuna ndi Thanzi ORS, zinc, bere ndi chakudya. Makapisozi aja ntchito imene agwira ndi yothamangitsa mavenda abwino m'matumbo, n'kusiyira malo aliuma. Mwana ameneyo tsiku limene adzagonekedwe ndi matenda aakulu, adzalowa pachipata atanyamula kale basera wake.

Munthu amene anatulukira penicillin mu 1928, Alexander Fleming, anachenjezeratu mu 1945 polandira mphoto ya Nobel kuti kumwa mankhwalawa mopereweza kudzaphunzitsa tizilombo kusamva. Zaka zonsezi zapita, ife tikugulabe awiriawiri.

Pali mawu ena amene timakonda kunena: “Thupi lake linazolowera mankhwala.” Ayi ndithu. Thupi silizolowera. Chimene chimasintha ndi kachilombo, ndipo kachilombo kamayenda. Ichi n'chifukwa chake khanda la masiku atatu, limene silinalawepo kapisozi chibadwire, likhoza kudwala matenda osamva mankhwala. Latengera kwa ena. Makapisozi amene ndamwa ine mwachisawawa angathe kudzavutitsa mwana wanu, ndipo amene mwamwetsa nkhuku zanu angathe kudzavutitsa wanga. Inde, nkhuku. Amene mumaweta mabroila mukudziwa timapaketi ta ufa timene mumasungunulira m'madzi anapiye asanadwale n'komwe. Zitosi zake timathira m'dimba, ndipo masamba ake amafika pabenchi ngati langa.

Ofufuza anayendanso m'makomo ku Ndirande, ku Chileka ndi ku Chikwawa, kuyeza chimbudzi cha anthu, ndowe za ziweto, madzi a m'mitsinje ndi m'ngalande. Anapeza kuti pafupifupi zinayi mwa zoyeza khumi zilizonse za chimbudzi cha anthu zinali ndi tizilombo ta ESBL, anthu oti ali pakhomo pawo, osati m'chipatala. M'mitsinje munali tochuluka kuposa pamenepo, ndipo nyengo ya dzinja zinkaipiraipira. Ndiye onani mmene chikuzungulirira: mwana watenga kunyumba wapita nato kuwodi, wina watenga kuwodi wabwera nato kunyumba, thewera latayidwa kudzala, mvula yakokolola, mtsinje walandira, wina kumunsi akutsukira mbale.

Pofika apa wina anena kuti, “Basi, mwana wanga sindidzapitanso naye kuchipatala.” Chonde, musandimve molakwa. Kukhala ndi tizilomboti m'matumbo si kudwala. Ana ambiri amene atinyamula sadwala nato konse, ndipo mwa ambiri timachepa tokha pakapita miyezi, makamaka ngati sakumwetsedwa maantibayotiki mwachisawawa. Palibe chifukwa chokagulira mankhwala oti “atsuke m'mimba”, kutero ndi kuthira mafuta pamoto. Ndipo mwana wotuluka m'chipatala si woti azisalidwa, ayi, anyamulidwe, aseweretsedwe. Chibayo, malungo aakulu ndi kutha madzi m'thupi zimapha lero lomwe, ndipo chipatala ndi chimene chimapulumutsa. Mwana wa mng'ono wanga ali moyo chifukwa cha anamwino ndi madokotala omwewo, amene ndinawaona akuthamanga usiku wonse, awiri okha pa wodi yodzaza.

Chimene ndikupempha n'chakuti tizipita tili maso. Ine zimene ndinatolako ndi izi, ndipo ndimauza mayi aliyense amene waima pabenchi panga n'kunena kuti mwana wagonekedwa.

M'chikwama cha gadiyani, pambali pa chitenje, mbale ndi fulasiki, muzikhala sopo. Ngakhale kachidutswa. Muzikhalanso kachigubu ka madzi osamba m'manja, chifukwa mpope sudalirika. Mukasintha thewera, sambani ndi sopo. Musanayamwitse, musanadyetse, sambani. Kusamba kwa m'beseni limodzi anthu asanu kuja si kusamba, ndi kugawana. Madzi azichita kuthiridwa. Supuni ndi kapu ya mwana zikhale zake yekha. Ndikudziwa kuti kuwodi timakhala ngati pachibale, mnzako akapempha beseni sungakane, ndiye m'bwerekeni, koma likabwera litsukeni ndi sopo. Pamene pali kanula musamagwirepo, ndipo mukaona patupa kapena pafiira, auzeni anamwino msanga. Ngati mwana akuyamwa, pitirizani kuyamwitsa, bere limathandiza mabakiteriya abwino kubwerera m'malo mwawo.

Mukatuluka, mankhwala amene mwapatsidwa mum'mwetse monga momwe anenera achipatala, osasiyira panjira kuti ena musungire mawa, osagawira mwana wa neba. Chimbudzi cha mwana chizipita m'chimbudzi. Tili ndi chikhulupiriro chakuti manyi a khanda alibe vuto, koma tizilombo timene tikukambazi timakhala momwemo. Matewera ochapa achapidwe padera, madzi ake atayidwe m'chimbudzi, osati pakhonde pamene ana akukwawa. Amene mulibe mpope, mpondagiya pafupi ndi chimbudzi safuna ndalama zambiri: kachigubu, chingwe ndi timitengo.

Buku la kuchipatala lisungeni ngati ndalama ya mpamba. Mwana akadwalanso patangopita milungu kapena miyezi yochepa, thupi kutentha, kukana kuyamwa, kupuma mothamanga, kufooka kapena kukomoka, musadutsire pa tebulo la makapisozi. Pitani kuchipatala, ndipo mawu oyamba akhale akuti, “Mwanayu anagonekedwa posachedwapa, analandira jakisoni wakutiwakuti.” Mawu amenewo amathandiza dokotala kuganizira msanga za kachilombo kosamva. Ndipo ngati masiku awiri adutsa mwana ali pamankhwala koma osasintha, funsani mwaulemu ngati n'kotheka kuyeza magazi kapena mkodzo ku labu. Paja safunsa anadya phula.

Koma ndisakunamizeni kuti sopo wa gadiyani yekha athetsa nkhaniyi. Mayi sangasambe m'manja pampope wouma. Namwino mmodzi sangasamale ana makumi atatu n'kukhala ndi nthawi yosamba bwinobwino pakati pa mwana ndi mwana. Dziko lathu linalemba ndondomeko yolimbana ndi vutoli ya zaka za 2017 mpaka 2022, ndipo chaka chilichonse kuyambira pa 18 mpaka pa 24 Novembala dziko lonse limakumbutsana za tizilombo tosamva mankhwala. Zonsezo n'zabwino. Koma kwa ine ndondomeko imaoneka pamene wodi ya ana ili ndi madzi usana ndi usiku, zimbudzi zogwira ntchito, mabedi okwanira, ndi labu yoyankha msanga. Inu a m'gulu lino amene muli m'makomiti a zipatala, m'makhonsolo, m'mipingo ndi m'mizikiti, mukamakambirana zopereka kwa odwala, musamangoganiza za shuga ndi mabulangete. Katoni ya sopo ndi thanki ya madzi zingapulumutse ana amene simudzawadziwa mayina.

Ndipo ife a kumsika tili ndi gawo lathu. Timalipira chiphaso tsiku ndi tsiku, ndiye tili ndi ufulu wofunsa kuti chimbudzi cha pamsika chikhale ndi madzi ndi sopo. Madzi amene timawaza pa masamba kuti asafote akhale a pamjigo kapena pampope, osati a m'ngalande. Inunso ogula, tomato ndi kabichi wodya wosaphika muzitsuka ndi madzi abwino, ngakhale mwagula kwa ine. Kwa achimwene a tebulo la makapisozi, ndimawauza pamaso, mwaulemu: gulitsani mabatire, gulitsani malezala, koma mankhwala awa asiyireni a ku famase ndi kuchipatala. Amandiseka, amati ndasanduka dokotala wa pa tomato. Asekebe. Nawonso ali ndi ana, ndipo ana athu amasewera bwalo limodzi, amamwa mjigo umodzi, akadwala amagona wodi imodzi.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kale ndinkawamva ngati mawu ophunzitsa chifundo basi. Pano ndimaona kuti ndi mmenenso matumbo a ana athu alili: zimene zili mwa wako, mawa zili mwa wanga. Ndiye amene muli ndi m'bale amene akudikirira mwana kuwodi sabata ino, pokamuona mutengereko sopo. Amene muli anamwino ndi madokotala m'gulu lino, onjezerani zimene mukuona kumalo anu a ntchito, tiphunzire tonse.

Ine ndathamangira kokaoda, galimoto ya tomato sidikira munthu.